Chikwama cha Lingson Chinafika Chokha

Ine, Zondiwe Kamphinda, wa zaka 34, wochokera m'mudzi wa Nsanjama, Mfumu Yaikulu Kaphuka, boma la Dedza, namwino pa chipatala china muno mu Doha, wokhala ku Rawdat Al Khail, ndikupereka umboni uwu lero Lamulungu pa 24 Malichi 2019, nthawi ili 11:20 m'mawa. Ndikulemba ndi dzanja langa chifukwa mawu anga anasasa, pa chifukwa chimene chioneke kutsogoloku. A Dauda, omwe amamasulira pa polisi pano, ati awutembenuza m'Chiarabu. Ndawapempha kuti asachotsemo kanthu.

Dandaulo limene landibweretsa ndi la a Maud Chilambe a ku Al Muntazah. Iwo anauza apolisi Lachisanu kuti ine ndi Kenny Mtambalika tinasiya mlongo wawo, Lingson Gwaza, pansi pa nyanja ku Philippines n'kubwerako ndi chikwama chake chokha. Kuyambira tsikulo ID yanga ili m'dirowa ya pa kauntala pano, ndipo a matron andiuza kuti ndisaponde ku wodi mpaka fayiloyo itatsekedwa.

Tinanyamuka Lachinayi pa 7 Malichi tili atatu: ine, Kenny yemwe ndi injiniya, ndi Lingson, mphunzitsi wa masamu. Anatikopa ndi anzanga a ku Philippines a pa wodi, omwe tchuthi chilichonse amabwera ndi zithunzi za mchenga woyera. Aliyense anali ndi chikwama chimodzi chobereka kumsana. Cha Lingson chinali chofiira, cha makilo 14, ndipo awiri mwa makilowo anali nsapato za suti zimene sanavale ngakhale kamodzi. Tili m'ndege anatiuza kuti: "Achemwali akafunsa, tili ku workshop ya aphunzitsi." Ndinamukumbutsa kuti ine ndi namwino. Anati a Maud anamuletsa kuyandikira madzi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu atagwera mumtsinje, ndipo lamulolo silinafafanizidwe.

Pa 8 Malichi tinafika ku Cebu, n'kukwera basi maola atatu mpaka ku Moalboal. Tinagona m'hositelo ya mabedi asanu ndi atatu chipinda chimodzi, pamodzi ndi azungu awiri amene sankachapa masokosi. Kumeneko tinaphunzira kudaiva masiku anayi, silinda ya mpweya ili kumsana. Mamita makumi atatu kuchoka pagombe pali tinsomba tonga usipa, tambirimbiri moti timatseka dzuwa. Kenny atavuuka anafunsa mlangizi wathu chifukwa chake anthu akungoyang'ana ndiwo m'malo mozigwira.

Pa 13 tinawolokera ku Bohol pa sitima yapamadzi, pa 16 ku Siquijor. Masana tinkasambira kapena kuyenda pa njinga zamoto ziwiri, madzulo tinkadya nsomba zowotcha ndi kuvina pamchenga. Tisanapite tinkanena kuti munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. Ndikupempha zilembedwe kuti amapsa.

Pa 19 tinafika ku Mactan, makilomita asanu ndi atatu kuchoka pa bwalo la ndege. Mlangizi anatiuza kale kuti munthu akadaiva sakwera ndege mpaka patatha maola 24, chifukwa mpweya umene walowa m'magazi umatha kuchita thovu ngati botolo la chakumwa lotsegulidwa mwaphuma. Tonse atatu tinavomera kuti kudaiva kwatha. Madzulo a Lachitatu pa 20 tinalowa malo a karaoke. Ine ndi Kenny tinaimba nyimbo 23. Mawu anga anathera pa nyimbo ya 19, koma ndinapitiriza. Lingson sanaimbe. Anati wagwidwa tulo.

Lachinayi pa 21, nthawi ya 10:30 m'mawa, ndinapeza Lingson pakhonde la hositelo tsitsi lili lonyowa, m'maso muli mkombero wa galasi la m'madzi. Anali atapita ndi boti lina 6 koloko chifukwa wina anamuuza za akamba am'nyanja. Kenny anamuperekeza kukajambula. Ndege yathu inali ya 4:15 masana omwewo. Zimene tinalankhulana ndikuzikumbukira bwino.

"Sister, ndangoviika mutu basi."

"Mamita angati?"

"Twente-thuu."

"Kangati?"

"Kawiri."

"Sukwera."

Ndinamulanda pasipoti mpaka anavomera, kenako ndinamubwezera. Foni yake inali itafa, chifukwa kathumba kamene anagula kuti sikalowa madzi kanalowa madzi, n'kuwasunga momwemo. Tinamufunira tikiti ina pa foni ya Kenny. Ndege yolunjika inali yodzaza mpaka Lachiwiri. Zotchipa zodzera ku Dubai ndi ku Abu Dhabi sizifika ku Doha chitsekereni njira maiko oyandikana ndi dziko lino. Tinapeza yodzera ku Kuala Lumpur ndi ku Muscat, yofika Lamulungu m'mawa, yosalola katundu woposa makilo asanu ndi awiri. N'chifukwa chake chikwama chofiira tinachitenga ife. Lingson anati: "Mukapereke kwa achemwali, pamwamba pali mango awo ouma. Mukafotokoze mwaulemu, musakangoponya pakhomo."

Ndinamufunsa ngati akudziwa nambala ya foni ya munthu aliyense pamtima. Mphunzitsi wa masamuyo sankadziwa ngakhale imodzi. Ndinamulembera yanga papepala. Ndinadziwa Lachisanu kuti pepalalo analisunga bwinobwino m'thumba la chikwama chofiira chomwecho.

Lachisanu pa 22 tinatera ku Doha 5:10 m'mawa. Ndinali ndi shifiti ya 2 koloko, choncho tinaganiza zopereka chikwamacho a Maud asanapite ku tchalitchi ku Abu Hamour, poti kuno Lachisanu ndilo tsiku lopemphera. Tinagogoda pa nyumba yawo, nsanjika yachiwiri, 6:40. Tinavula nsapato pakhomo chifukwa zinali ndi mchenga. Pa sofa panali mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano ongositidwa kumene, ndipo zovala zathu zinali za paulendo, choncho tinakhala pansi. Kenny anaika chikwamacho patsogolo pathu. Maso athu anali ofiira ndi mchere komanso tulo. Tinapereka moni wonse, monong'ona, chifukwa mawu ena tinalibe.

Kwathu ku Dedza, chimodzimodzi ku Ntcheu kwa a Maud, anthu awiri akafika m'mamawa osaitanidwa, atanyamula katundu wa munthu mwini wake palibe, n'kukhala pansi mwakachetechete, safunikanso kunena chimene abwerera. Zimenezi ndazidziwa kuyambira ndili mwana. Kenny nayenso amazidziwa. Pakati pathu pali madigiri atatu a ku yunivesite. Tinazikumbukira 6:44.

A Maud anayang'ana chikwama, anayang'ana ife, anaimika simbi, anamanga chitenje m'chiuno, n'kufuula kuti: "Mayo ine, Lingson mwana wa mayi anga!"

Ndinati: "Amayi, ali moyo." Ndinabwereza katatu asanandimve. Anayankha kuti: "Ndi mmene mumanenera. Za a bambo athunso anthu anatiuza kuti akupezako bwino, bokosi lili kale pa lole."

Anatiuza kuti timuimbire. Ndinafotokoza kuti foni yake inalowa madzi. Anatsegula chikwamacho n'kupezamo galasi la m'madzi, zopalasira za kumapazi ndi makabudula anayi osambirira. Anafunsa kuti: "Workshop yake inali ya m'madzi?"

Apa ndi pamene Kenny anaganiza zothandiza. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema wa dzulo lake kuti aone kuti mlongo wawo anali wosangalala. Kanemayo ndi wa masekondi 11. Lingson wakhala m'mphepete mwa boti, akubayibitsa, akugwa chagada, madzi akutsekeka. Pamenepo ndi pamene batire inathera pojambula. A Maud anamuonera kawiri.

Pofika 7:30 uthenga unali pa gulupu ya WhatsApp ya Amalawi a mu Doha. Basi imene imatenga anthu kupita ku Abu Hamour inakhotera ku Al Muntazah. 9 koloko ndinawerenga anthu 37 m'nyumba ya zipinda ziwiri, amayi mkati, abambo pa masitepe. Anayamba nyimbo. Anasankha komiti ya anthu atatu yoona zobweretsa thupi. Ndinaimba ku chipatala kuti ndichedwa, koma wolandira foni anati sakumva chilichonse. Ndinang'amba katoni ya madzi akumwa, ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ALI MOYO, AFIKA LAMULUNGU, ndinakwera pa mpando n'kuikweza. Mayi Ndaziona, mlembi wa chigwirizano, ananditsitsa, anandipatsa madzi, anandisisita pamsana wopsa n'kunena kuti: "Zimatero, sister. Mtima umayamba wakana." Mango ouma anagawidwa kwa olira.

10:15 kunabwera apolisi awiri, ataitanidwa ndi woyandikana nyumba amene anamva kulira. A Maud anawauza zimene ndalemba koyambirira zija. Anatenga chikwama, ma ID athu, ndi ife. Pa polisi pano wapolisi anafunsa, kudzera mwa a Dauda, kuti thupi lili kuti. Ndinanong'ona kuti lili pa bwalo la ndege ku Cebu ndipo mwina likudya. A Dauda anandiyang'ana kaye asanamasulire. Wapolisi sanaseke. Anaimba ku sukulu imene tinaphunzira kudaiva, ndipo kumeneko anayankha zoona zokhazokha, kuti Lingson sanamuone kwa masiku khumi. Boti la Lachinayi lija dzina lake Kenny sanaliwerenge. Za tikiti anati afunsa Lamulungu maofesi akatsegula, inshallah. Anatilola kupita kunyumba 1:30. A matron anali atamva kale nkhaniyo, ndipo m'mene inawafikira ndinali nditamukankha ndine.

Loweruka pa 23 ndinabwereranso ku Al Muntazah. Anthu anali 22. Amalume ake a Lingson anaimba kuchokera ku Ntcheu kufunsa ngati awauze adzukulu kuti akonze makasu. Ndinagwada pamaso pa a Maud n'kupempha kuti adikire tsiku limodzi lokha. Anati adikira, osati chifukwa akundikhulupirira, koma chifukwa manda sakumbidwa thupi lisanadziwike kumene lili. Ndinawapempha kuti tipitire limodzi ku bwalo la ndege m'mawa wake. Anati iwo sachingamira mizimu.

Lero Lamulungu ine ndi Kenny tinafika ku bwalo la ndege 8:05, apolisi atatilola. Lingson anatulukira 8:50 atavala kabudula, mapatapata ndi chipewa cha mlaza, akutafuna kanthu. Mawu ake oyamba anali akuti: "Mwapereka chikwama?" Sindinayankhe ndi pakamwa. Ndinamumenya kamodzi ndi dzanja lamanja paphewa lake lopsa ndi dzuwa. Makamera a pabwalopo anaona. Ngati akufuna kudandaula, kauntala ndi yomweyi.

Tinafika naye pa polisi pano 9:55. Wapolisi anayerekeza nkhope yake ndi pasipoti, n'kumufunsa ngati ali moyo. Lingson anati ali moyo, kungoti ku Muscat anagona pa benchi. A Dauda anamuuza nkhani yonse. Lingson anafunsa kuti kunabwera anthu angati. Atamva kuti 37, anafunsa ngati ahedi a kusukulu kwake analipo.

A Maud analowa 10:10 ndi Mayi Ndaziona, atavala duku lakuda. Anaima pafupifupi mamita awiri kuchoka pamene Lingson anakhala. Anayang'ana chipsera cha pa bondo lake lamanzere. Kenako anasendera, anamugwira khutu n'kulipotokola. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma: analigwira masekondi makumi awiri. Anati: "Workshop." Lingson anati: "Achemwali, ndifotokoza." A Maud anavula duku lija, anamupukuta nalo thukuta kumaso, n'kumufunsa kuti: "Wadya?"

Lingson anati anadya pang'ono m'ndege, ndipo anafunsa ngati mango awakonda. A Maud anati: "Anadya olira maliro ako."

Atatero anatembenukira kwa a Dauda n'kunena kuti: "Auzeni abwanawo kuti khalas, dandaulo ndalichotsa." Kwa ine anati: "Sister, ulendo wina mukadzabwera kwanga ndi katundu wa munthu, mudzaime chiimire, mudzayambe kuseka muli pa masitepe." Ndavomera. Wapolisi wati fayilo itsekedwa ndikasaina umboni uno. Ndikupempha ID yanga ituluke m'dirowa 1 koloko isanakwane, chifukwa shifiti ya masana imayamba 2 koloko ndipo a matron ndikufuna ndikawaonetse chithunzi cha malemuyo akumwa tiyi wa apolisi.

Chikwama chofiira apolisi anachitulutsa 11:05. Kenny anatambasula dzanja kuti achinyamule, a Maud anamumenya dzanjalo. Amubereketsa mwini wake, nsapato za suti zili momwemo. Ati taxi iwatsitse pa msewu waukulu, iye ayende nacho patsogolo pawo mpaka kunyumba, n'kukwera nacho masitepe onse, kuti aliyense amene analira achione chili ndi munthu pansi pake.

Zimene ndikudziwa ine ndi zomwezi, ndipo ndaziwerenga ndisanasaine.

Wopereka umboni: Zondiwe Kamphinda ______________

Womasulira: Dauda Saidi ______________