Uthenga wa maliro wopita ku Shangai

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale mtima wanga ukadali ndi bala.

Ambiri mukudziwa kuti amuna anga anaphedwa ndi anthu amfuti pamsewu wa ku Chidzolomondo, akuchokera kokafuna chimanga. Tinawaika mothamanga, mfuti zikulira. Koma chimene chinkandidya ine si imfa yokhayo ayi. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Domingo, boma linamutumiza kusukulu ku China, mumzinda wa Shangai. Bambo ake ali m'manda, iye osadziwa. Osadziwa, abale! Akudya, akuseka ndi anzake.

Ena ankati lembani kalata. Kalata? Kwathu kuno maliro a kholo sanenedwa ndi pepala. Pamapita munthu, amakukhazika pansi, amayamba ndi nkhani zina, kenako n'kukuuza atakugwira. Mwana wanga awerenge yekha m'chipinda, pakati pa anthu osamva chilankhulo chake? Ndinakana.

Ndiye ndinamva kuti a enfermero, anamwino athu a kuchipatala kuno ku Furancungo, akupita kukachita kurso, maphunziro a ntchito yawo, ku China komweko. Ndinathamanga, duku lili m'manja. Ndinati, "Bambo, mukakafika mukapatuke pang'ono kwa Domingo, mukamuuze maliro."

Iwo anagwira mutu. "Mamã, ine ndikupita ku Pekini. Kuchoka ku Pekini kukafika ku Shangai ndi ulendo wa pandege, ngati kuchoka ku Tete kukafika ku Maputo."

Musaseke mayi inu kumbuyoko, nanunso mukanaganiza ngati ine! Ndinkayesa kuti akangobwereka njinga, madzulo abwerako. Ndinawayankha mokalipa, "Nanga sukulu yanu yonseyo ndi yachiyani ngati simungapereke uthenga?" Ndinabwerera ndikulira. Ndinawakwiyira iwo, ndinadandaulanso kwa Mulungu. Ndinati, Ambuye, mwanditengera mwamuna, mwananso mwamuika kumene phazi silifika?

Miyezi inadutsa, kuli zii. Ndinaonda, munandiona nokha.

Sabata yathayi a enfermero aja abwera, ndipo anafikira pakhomo panga chikwama chili kumsana. Akuti kurso ili pafupi kutha, aphunzitsi awo anawakweza ndege kuti akaone zipatala za mzinda wina. Mzinda wake uti? Shangai! Anafunsafunsa kumene kumakhala ophunzira ochokera kwathu kuno mpaka anamupeza. Anamukhazika pansi, anayamba ndi za mvula, za mbatata za ku Tsangano, kenako anamuuza. Domingo anagwera pachifuwa pawo, iwo n'kumugwira mpaka anatonthola.

Amuna anga sadzabwerera. Nkhondo sinathe, ndipo mwanayo sindikudziwa ngati ndidzamuonanso ndi maso angawa. Koma mwana wanga sanalire yekha. Sanalire yekha, abale!

Zikomo Yesu, zikomo Atate. Amayi, imirirani, imbani nthungululu. Kondwerani nane, ngakhale misozi ikutsika. Ameni.