Majini Asanu ndi Anayi a M'shedi ya Bowa

Olemekezeka mkulu wa sukulu ya ukachenjede ino, olemekezeka a Pulofesa, amene kuyambira lero musunga makiyi a nyumba yofufuzirayi, aphunzitsi nonse, amene ena mwa inu ndikukukumbukirani muli ndi tsitsi, atolankhani, ophunzira amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yathera akuluakulu, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti sindikudziwa chimene ndikuchita pano. Ine ndine mlimi wa bowa. Pachipata cha sukulu ino ndinatuluka zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, ndili m'chaka chachitatu, sutikesi pamutu, pepala ndilibe. Lero alonda a pachipata chomwecho andichitira saluti. Ndipo m'mawa uno ndauzidwa kuti ndikamaliza kulankhula andiveka mkanjo umene aupachika pampandopo, n'kundipatsa digiri yaulemu. Palibe anandifunsa. Yankho ndilibe panobe, mwina ndilipeza ndili mkati molankhula.

Anandilemberanso zoti ndiwerenge, masamba anayi. Ndawerenga katatu, ndangomvamo dzina langa. Choncho mupirire zangazi.

Bowa timabzala m'matumba apulasitiki odzaza makoko a chimanga owiritsa m'dramu. Mdani wathu ndi nkhungu yobiriwira: ikalowa m'thumba limodzi, sabata isanathe shelefu yonse yapita. Buku limati wiritsa, samba m'manja, chakale usasakanize ndi chatsopano. Ine poti ndinanunkhizako yunivesite, lamuloli ndinaligwira ndi manja awiri. Koma amayi amene amatiwiritsira makoko, ife timangoti Mayi a Dramu, anali ndi kakhalidwe kawo: kutapa zowola za pakona ya shedi yakale n'kuwaza m'matumba atsopano. Zaka zisanu ndi zitatu ndikuwakalipira.

"Mayi inu, kodi uve munabadwa nawo tsiku limodzi?"

Iwo osatekeseka. "Abwana, zapakonazo sizidwala. Inu werengani mabuku, ine ndiwerenge matumba."

Kawiri ndinawachotsa ntchito, kawiri nkhungu inandituma kukawagwadira.

Tsiku lina adokotala achitsikana ali apawa, amene amafufuza ndi a Pulofesa, anabwera kudzagula bowa, anatipeza tikukangana, n'kupempha supuni imodzi ya zowolazo. Patatha miyezi anabweranso. Akuti m'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga mankhwala opha nkhungu ija. Ndipo malangizo opangira mankhwalawo, amene amawatcha majini, sanamwazikane ayi. Alipo asanu ndi anayi, andandalikana motsatizana pa chingwe cha DNA ngati mashopu a akalipentala mumsewu umodzi. Lina limayamba ntchito, lina limapitiriza, lina limatulutsira mankhwalawo kunja, ndipo lina ntchito yake n'kuteteza kachilomboko kuti kasadziphe ndi poizoni wake womwe. Amadzuka limodzi, amaweruka limodzi. Akuti nthawi zina gulu lonse limasamukira m'kachilombo ka mtundu wina, ngati banja losamuka ndi mipando yomwe.

Mpaka pamenepo ndinamva. Ndiye atandiitana kuno ndinafunsa: nanga n'chiyani chinawakhazika pamodzi, pamene majini ena ogwira ntchito imodzi amakhala motalikirana? A Pulofesa anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, maganizo alipo angapo, koma zenizeni sitikuzidziwa bwinobwino. N'chifukwa chake tikufuna nyumbayi."

Apa mutu wanga unaima, ndipo mpaka lero sunayambenso kuyenda. Funso lachinayi pa mayeso amene anandigwetsa pasukulu pano linali lomweli. Ndinalemba maganizo awiri a m'buku, n'kumaliza ndi mawu akuti zenizeni palibe akuzidziwa. Wochonga anali a Pulofesa omwewa, nthawiyo ndevu zili zakuda, akuyendera njinga yamoto. Analemba ndi inki yofiira kuti, "Mwano si sayansi." Ndinapita ku ofesi kwawo, ndinalankhula mawu amene sindingawabwereze pamaso pa atolankhani, ndipo mayeso obwereza ndinakana kulemba. Musaseke kumbuyoko. Kusadziwa kwanga kunandisenzetsa sutikesi. Kusadziwa kwawo kwawamangitsira nyumba ya zipinda khumi ndi ziwiri, ya mafiriji ataliatali kuposa ine.

Ndiye ndithandizeni, olemekezeka: lero mukulemekeza yani? Ngati ndi wodziwa, ndi Mayi a Dramu, amene mwawakhazika mzere wachisanu ndi chiwiri, kuseri kwa chipilala. Ngati ndi wofufuza, ndi adokotalawa, amene dzina lawo pa pulogalamu mwalilemba m'zilembo za nyerere. Ine ndangokhala mwini kona, kona imene katatu konse ndinafuna kuithira palafini.

Kuthokoza ndithokoza, sindinaleredwe kutchire. Ndithokoze amisiri amene amanga nyumbayi, ndithokoze adokotala amene sananyansidwe ndi supuni ya zowola, ndithokozenso a Pulofesa, chifukwa munthu wamkulu kunena kuti "sitikudziwa" pamaso pa amene anamugwetsa, si chinthu chapafupi. Anachedwa, koma ananena.

Tsono za mkanjo. Yankho ndalipeza. Sindivala. Sindikukana chifukwa cha mwano. Chabwino, mwano ulipo pang'ono. Koma ndikavala lero, mawa ndikadzuka ndisakudziwabe ngati ndinalephera kapena anandilepheretsa, ndipo limeneli ndi funso limene landidya zaka zonsezi. Ndikufuna mayeso obwereza aja. A Pulofesa, ndamva kuti mukupuma pantchito kumapeto kwa chaka, ndiye nthawi yatithera tonse. Mundikhazike m'kalasi pamodzi ndi ana awa, mundichonge nokha, ndi inki yofiira yomweyo. Ndikagwa, ndigwe poyera. Mkulu wa sukulu akugwedeza mutu, kaya akuvomera kaya akukana sindikudziwa. Kalata yanga muipeza patebulo mawa m'mawa.

Mayi a Dramu, tulukani kuseri kwa chipilalako, bwerani mugwire sizasi iyi yodulira riboni. Musachite manyazi, nsapato zanuzo ndi zabwinobwino. Inu mudule, ine ndilankhule, monga timachitira kushedi.

Ndi mphamvu zimene ndapatsidwa, kaya anandipatsiranji, ndikulengeza kuti nyumba yofufuzirayi yatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.