Nyimbo Zimene Anatisungitsa

Abwana akulu a kampani yathu yochapa zovala, abwana oyang'anira mashifiti, anzanga a kochapira, a koumitsira ndi a kositira, inu a pamsewu onyamula katundu, mpongozi wanga uko watchena ngati ukwati ndi lero, zidzukulu zanga, ndi nonse amene mwabwera, ndakupatsani moni. Mwaswera bwanji?

Pepala ndilibe. Anandiuza kuti ndilembe, ndinati sukulu yanga inathera pomwe anzanga amayambira, ndikati ndiwerenge tiweruka mawa. Ndingolankhula. Ndipo mukaona ndikuseka ndekha mundikhululukire, mtima wanga lero ukuvina.

Kwa amene simundidziwa, ndine uja wa pa makina ositira mabedishiti, amene nonse mumangoti Azakhali. Ambiri mumayesa ndi dzina la kuntchito. Ayi ndithu. Bambo akupuma pa ntchitowa, a imvi mbuu awa, ndi mwana wa achimwene anga. Ine ndinabadwa kumapeto kwenikweni, iyeyu ali kale mnyamata wa kusukulu. Anandibereka kumbuyo, anandipukuta mamina, koma zakhali wake ndine. Kuno ndakhala ndikumuti "inu" chifukwa ndi makaniko wamkulu. Lero wapuma, ndiye ndabwerera pa udindo wanga. Iwe mwanangu, khala bwino pampandopo, undimvere.

Ndisanayambe kumutama ndinene kaye mlandu wake, aziumeza pamodzi ndi kekeyo. Sabata yatha mpongozi wanga anabwera kwanga nkhope itagwa. Akuti bambo alongedza zonse m'makatoni. Gitala, kiyibodi, maikolofoni, mpaka mahedifoni aja omata ndi tepi. Akuti nyimbo basi, zatha pamodzi ndi ntchito, katunduyo apatsa aliyense womufuna. Nkhani imeneyi sindituluka muno isanathe. Koma tiyambe taseka.

Iyeyu sanabadwe katswiri, musanamizidwe ndi imvizi. Atangoyamba ntchito ine ndinali ndisanabwere, koma akuluakulu anatisiyira mbiri. Anamutuma kuti alumikize paipi ya madzi otentha ochokera ku boyila. Analumikiza bwinobwino, osadontha ngakhale pang'ono, koma paipiyo anailozetsa kuchimbudzi cha mabwana. Abwana a nthawi imeneyo analowa ndi nyuzipepala yawo mwaulemu, anatuluka akufuka nthunzi ngati malaya ochoka pa simbi. Atamufunsa, akuti anangoyankha kuti paipiyo payokha ilibe vuto. Ndipo zoonadi inalibe vuto.

Za kunyumba kwake ndiye musanene. Situdiyo yake ndi wadiropu ya mpongozi wanga. Akuti madiresi amameza phokoso. Ndiye Lamulungu masana mupeza bambo wamkulu, wolemekezeka pakampani, walowetsa mutu pakati pa madiresi, mbuyo ili kunja, akuimba. Ana akuyenda monyang'ama. Galu wamangidwa kuseri. Mpongozi waima pakhomo kudikira diresi loti avale. Ndipo nyimbo ikangofika pokoma, foni ya kuntchito. Ilipo ina anajambula n'kundiikira kuti ndimvere, yachikondi, mawu akukwera bwino mpaka tsitsi kuima, kenako pakatikati mukumva, "Halo, boyila yatani?" Zidzukulu zangazi zinakula zikuyesa ndi mmene nyimboyo imayendera. Mpaka lero zikamaimba, zikafika pamenepo zimayankha foni.

Tsono vuto lake lenileni linali ili. Nyimbo sizinkamubwerera kunyumba ayi. Zinkamubwerera kuno, ali chagada pansi pa makina, manja ali bii ndi girisi, sipanala kukamwa. Makina ochapira akamati gu-gudu, gu-gudu, iye m'mutu mwayamba kale. Cholembera sangagwire, foni sangagwire, ndipo akati adikire nthawi yoweruka apeza nyimbo yathawa. Tsiku lina ndikukoka shiti pa makina anga, ndinangoona mutu watulukira pansi pa tebulo. "Azakhali, ndisungireni iyi." Anaiimba, ndinabwereza, mutu uja unabwerera kumene unachokera. Ine tsiku lonse ndinasita ndikuing'ung'uza, moni wa anthu osayankha, kuopa ingagwe. Madzulo anandiimitsa pageti, manja atasamba, anatulutsa foni, ndinamuimbira, anapita nayo kwawo. Lamulungu lake inalowa m'madiresi.

Apo ndi pomwe panachokera dzina loti a Ndisungireni. Chifukwa sizinathere pa ine. Anayamba kutigawa ngati mashelefu a m'sitolo. Ine anandipatsa makolasi. A dalaivala awo, a mmero ngati ng'oma, anawapatsa mawu a pansi, amapita nawo kumahotela ndi kubwera nawo. Alonda a pageti anawapatsa mavesi, akuti mutu wawo sutaya kanthu, ngakhale amene analowa mochedwa chaka chatha amamukumbukira. Mtsikana wina wa pakauntala atangoyamba ntchito anathamangira kwa ine, akuti bambo wachikulire uja wandiimbira zachikondi pafupi ndi mabasiketi. Ndinati mwanawe khazika mtima pansi, sakukufunsira, wangokusandutsa kabati.

Ngakhale abwana akulu sanapulumuke. Abwana, musayang'ane pansi, tinakumvani. Anatsika muofesi atakwiya, kuti makina oumitsira akhala chiimire kuyambira m'mawa. Anamupeza mwanangayu miyendo yokha ikuoneka. Anakalipa, anakalipa. Iye anatulutsa mutu, anati makina ayenda posachedwa, koma poti mwabwera abwana, ndisungireni kamluzu aka. Abwana anabwerera m'khonde akuliza mluzu, tayi ili pakhosi. Ndipo makina anayendadi asanafike pampando wawo.

Pamenepo ndiye ndileke nthabwala pang'ono, chifukwa mawu amenewo ndi ofunika. Makina ankayenda. Munthu uyu sanasiyepo makina akufa chifukwa cha nyimbo. Ankaba nthawi yake ya tiyi, nthawi yake ya nkhomaliro, Lamulungu lake, koma ya kampani ayi. Ndikukumbuka tsiku lina anatenga tchuthi, chinthu chosowa kwa iye. Anaitana anzake oimba kunyumba, wina anachita kubwereka ng'oma. Atangoyamba, boyila kuno inazima, mabedishiti a kuchipatala ali mulu mpaka kudenga. Palibe amene anamukakamiza. Tinangoona watulukira ndi malaya ake abwino, akupinda mikono. Ndinamufunsa kuti nanga alendo ako, anati, "Azakhali, odwala sagona pa nyimbo." Malaya aja sanayerenso, ngakhale kuno kochapa.

Ndipo zala zanga izi, taziyang'anani, zonse zilipo. Chitsulo chotchinga manja pa makina anga chinathyoka nthawi ina katundu ali wambiri, magalimoto akudikira panja. Ife tinati tingosamala, tigwire choncho. Iye anazimitsa makinawo, fyuzi anaika m'thumba, anati amene akufuna kusita ayambe wamusita iye. Tinamukwiyira tsiku limenelo. Lero tikudya ndi manja athu. Mwanangu, zikomo. Pa ine, pa atsikana onse a kositira, pa anyamata amene wawaphunzitsa kumvetsera makina asanawatsegule, zikomo kwambiri. Ndipo iwe mpongozi wanga, chakudya chako chazizira kangati patebulo chifukwa cha ife? Tinakubwereka mwamuna osapempha. Zikomo mayi.

Tsopano tibwerere ku mlandu uja.

Zaka zapitazi, atabwera makina atsopano aja olankhula ndi timagetsi tofiira, ntchito inamukulira. Kusungitsa sanasiye, koma kutenga anasiya. Pageti ankangodutsa mapewa atagwa, akuti mawa. Mawa, mawa. Ndiye pali nyimbo imodzi yaikulu imene inatsalira mwa ife, zidutswazidutswa, ndi kamluzu ka abwana kaja komwe. Tikamukumbutsa ankati tisunge, adzatenga akadzapuma. Ife tinasunga. Ine changa ndinagona nacho m'chipatala, ndinapita nacho ku maliro a mayi anga, ndinabwera nacho chili chonse. Alonda anakana kuwasamutsira ku nthambi ina, akuti ali ndi katundu wa mwini.

Nditamva za makatoni ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atakhala pabedi, manja ali pamaondo, oyera bwino ngati a munthu wa muofesi. Undikhululukire mwanangu, ndiulula, awa ndi abale ako. Anandiuza kuti pa tchuthi chake chomaliza anayesa. Anakhala ndi gitala kuyambira m'mawa, nyumba ili zii, palibe womuitana, palibe chofulumira. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso mawa lake, chimodzimodzi. Mantha anamugwira. Anati nyimbo zake zonse zinabadwira m'phokoso, mothamanga, ndipo popanda makina iye ndi nkhalamba chabe yogwira gitala. Anati, "Azakhali, nthawi ndaipeza, koma nyimbo zatsala kuntchito."

Ndinabwerera kwathu ndikulira. Koma ndili m'njira ndinayamba kuseka, anthu mpaka kundicheukira. Chifukwa wanena zoona. Zatsaladi kuntchito. Si izi zakhala pa mipandoyi zikumwa zoziziritsa kukhosi?

Mpongozi wanga, nyimbo imeneyi sunaimvepo, ndipo ndi yako. Chidutswa changa chimati: dikira pang'ono, ndisambe m'manja, ndikubwera. Mavesi ali ndi alonda, ndipo muli zinthu zoti ine zakhali sindingazitchule pagulu. Munthu wakulembera nyimbo zaka zonsezi ali pansi pa makina, lero akuti aitsekere m'katoni iwe usanaimve. Ine ndikanali moyo? Ayi.

Lachisanu pa nkhomaliro tinakumana kuseri kwa makina oumitsira, tonse osunga, kuti tiilumikize tokha timudzidzimutse lero. Abale, zinali ngati achule mvula itagwa. Aliyense chake akuchidziwa bwino, koma woyamba ndani sitikudziwa. A dalaivala akuti ndi iwo. Alonda akuti vesi ndiye mutu wa nyimbo. Mluzu wa abwana tinauyesa kutsogolo, pakati, kumbuyo, paliponse ukungomveka ngati ketulo. Tinagwirana pakhosi, tinasiyana osagwirizana. Zitsulo zonse tili nazo, koma womanga makinawo ndi mmodzi.

Ndiye onse amene munasungitsidwa, taimirirani. Imirirani ndithu. Alonda, a dalaivala, mtsikana wanga wa pakauntala. Abwana, inunso. Taonani kuchuluka kwake, mpaka a kukhitchini. Mwanangu, cheuka uone katundu wako. Ife tatopa kunyamula, tabweza lero, pamaso pa mkazi wako ndi ana ako. Tangotiuza chimodzi chokha. Ayambe ndani?

Akupukusa mutu. Mwamuona? Akuti wasiya. Chabwino, mwana wosamva amamvera pa zochitika. A dalaivala, yambani inuyo monga tinachitira Lachisanu. Abwana lowani pomwe mwafuna. Tiiwononge bwinobwino mwini wake akumva. Tiyeni.

Imani, imani kaye. Wakweza dzanja. Ukuti chiyani mwanangu? Kweza mawu, a kumbuyo amve. Akuti oyamba ndi alonda. A dalaivala mwamva? Akuti inu mulowe pa mzere wachiwiri, ndipo motsitsa, si hutala. Nanga ine? Akuti ndidikire andikodola. Nanga abwana? Akuti kumapeto kwenikweni, kamodzi kokha. Pepani abwana, lero mukulamulidwa.

Taonani, waimirira. Akuvula jekete. Munthu wosiya nyimbo uja ndi ameneyu! Mpongozi, usalire mayi, zodzolazo zichoka, uoneka bwanji pa zithunzi? Mukafika kunyumba makatoni aja mumasule lero lomwe, zidzukulu zanga muthandize amayi anu. Loweruka tikaweruka tikubwera tonse kwanu kudzajambula nyimboyi, aliyense ndi chidutswa chake, ndipo sitichoka isanathe. Komanso abwana avomera, ndinawapempha dzulo, kuti geti ndi lotsegula kwa iwe mwanangu. Phokoso ukalisowa, bwera pa nkhomaliro, tikuikira mpando pafupi ndi makina ochapira, ukhale umvetsere mpaka ikubwerere yatsopano. Koma wabwera ngati mlendo. Makina akatsokomola, uyang'ane kumbali, anyamata ako alipo.

Mwana wa achimwene anga, wagwira ntchito, tonse ndife mboni. Pita ukapume. Msana uwongoke, zikhadabo ziyere, udzuke dzuwa litakwera popanda wokufunsa. Mulungu akupatse masiku ambiri ndi mpweya wokwanira, iwe ndi mkazi wako.

Tsopano nonse, a kutsogolo ndi a kumbuyo, timuombere m'manja mwamphamvu mpaka amve a mumsewu. Ndipo manjawo musawatsitse, ng'oma tilibe muno. Yang'anani dzanja lake, akupatsani liwiro.

Alonda, wakulozani. Yambani.