A Patarau Kulibe

A Atanásio, mlonda wa nyumba yosungiramo kachewere ku Ntengo-Wambalame, atabwerako ku chipatala ku Tete ndi mbiri yoti ali ndi khansa, a patarau, abwana awo, sanawazonde n'komwe. Anangolemba mlonda wina, Tito, munthu woti ukamutuma kukaona ngati kukubwera mvula amaima pabwalo mpaka igwe. Mmawa wina, ataona mkuluyo akubwera ku ntchito, a patarau anathawira mkati n'kulamula Tito kuti akhome chipata, asatsegule mpaka a Atanásio avule kapote, chijasi chawo cha ulonda.

"Bambo, akuti muvule kapoteyo," anatero Tito posuzumira pa zitsulo za chipata.

"Akutero ndani?"

"A patarau. Koma akuti ndinene kuti kulibe."

"Ndiye kulibe?"

"Kulibe. Ali kuseri kwa matumba."

A Atanásio anakhala pa mpando wawo wa masiku onse kunja kwa chipata. Mtima unkawapweteka, ndipo mantha analipo, chifukwa ntchitoyi ndiyo inkawakweza shapa, minibasi yopita ku mankhwala. Koma munthu wake anali nkhutukumve chibadwire.

"Ndalakwanji?"

"Akuti mukudwala."

"Kachewere wabedwa?"

"Ayi."

"Nanga khansayo yaba chiyani?"

Tito anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mnofu, bambo. Mwaonda."

"Mnofuwo ndi wanga. Kudwala si mlandu, iwe. Ngakhale mkazi sasudzulidwa potuma mnansi. Amene anandiveka kapoteyu abwere adzandivule yekha."

Dzuwa litakwera, inafika galimoto yodzatenga kachewere. Woyendetsa analiza hutala mpaka kutopa, koma Tito anamuuza mwaulemu kuti bambo sanavule. Pawindo la nyumba ya kachewere ija panatuluka dzanja la a patarau likukupiza, kulozera chipata.

"Akukupatsani moni," anatero Tito.

"Uwabwezere. Uwauze kuti wodwala wagona bwino."

Tito anapita, nabwerako nkhope ili gwa.

"Akuti muvule msanga. Mmawa anamwa tiyi wambiri, ndipo chimbudzi chili kunja kwa mpanda."

"Akutero ndani?"

"Amene kulibewo."

"Ndiye watsegula?"

"Epa, nditsegule bwanji inu musanavule? Anandilumbiritsa kuti ngakhale iwo omwe atalira, ndisamvere."

A Atanásio anamanga batani lomaliza la pakhosi, ngakhale thukuta linali kamukamu. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Tete, anamva kuseka kukutukusira m'chifuwa.

"Kodi mukhala pamenepo mpaka liti, bambo?"

"Ine a dotolo akuti ndikalimbikira mankhwala, zaka zilipo. Kawafunse amene kulibewo kuti iwo angapirire mpaka liti."

Ulendo uno Tito anachedwako. Pobwera ankakoka miyendo, kiyi ali m'manja.

"Akuti kapoteyo ndi wanu, ntchito yanu sinathe. Yatha ndi yanga. Akuti nditsegule, ndizipita."

A Atanásio anapuma mpweya wautali. Kenaka anaona maso a Tito akulengeza misozi, nakumbukira kuti nayenso ali ndi ana.

"Walakwanji?"

"Akuti ndimamvera kwambiri."

"Akuuza maso ndi maso?"

"Ayi, kuseri kwa chitseko. Mawu awo akunjenjemera."

A Atanásio anasendera kumapeto kwa mpando, napatsa mnzawo malo kupyola zitsulo ndi diso lokha.

"Ndiye bweza kiyiyo m'thumba, mlonda mnzanga. Munthu amene kulibe sachotsa munthu ntchito."