Apilo ya Mkate wa Mpunga

A Pyo Tae-gon, loya amene mu Daegu monse ankadziwika kuti sagonja, tsiku limenelo analuza mlandu m'nyumba mwawo momwe, ndipo wowagonjetsayo anali ndi mano anayi okha. Pa phwando lokwanitsa chaka, pamene mwana amamuyalira zinthu patebulo kuti chimene agwire chionetse tsogolo lake, Dong-uk, mwana wawo wamwamuna wa muukalamba amene ankati adzamusiyira ofesi, anataya burashi yolembera, chizindikiro cha maphunziro, n'kukumbatira mkate wa mpunga.

Alendo atabalalika, a Pyo anatsala ali tong'o patebulopo, mtima ukuwawa ndithu. Mwana wawo woyamba, mtsikana Hye-ran, anali atadzitsekera kuchipinda, poti dzulo lake bambo akewo anamukaniza kupita ku Seoul kukalemba mayeso a sukulu ya zamalamulo. Akazi awo, mayi Eom, ankasonkhanitsa mbale.

"Mayi a Hye-ran, khalani pansi. Ndikuchita apilo."

"Kwa yani?"

"Kwa akuluakulu a banja."

"Adya, apita."

"Ndiye mukhale mboni inuyo. Kodi mwana uja burashi anaikhudza, eya kapena ayi?"

"Anainyambita."

"Ehee. Kunyambita ndi kugwira komwe."

"Ananyambita uchi umene munapakapo m'mawa."

A Pyo anatsokomola, n'kusuzumira kukhomo.

"Zimenezo sindinakufunseni. Mkatewo anauyandikiza ndani?"

"Palibe. Munauika nokha kumapeto kwa tebulo, kuseri kwa mbale ya ulusi."

"Nanga anaupeza bwanji?"

"Anakwawa. Burashi ija anachita kuiponda ndi bondo."

"Aa, ndiye kuti munamugoneka ndi njala dala."

"Anayamwa kawiri. Mwanayu amangokonda kudya, ngati achibale ena."

"Achibale ake ati?"

"Mwati ndiziyankha zimene mwandifunsa. Ndiyankhe?"

"Musayankhe." Anakoka chijasi chawo kuti chibise mimba. "Kamudzutseni. Mlanduwu uyambirenso."

"Wagona ndi mkate wake m'manja. Mukaulanda, mulimbana naye nokha."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukwera masitepe a khoti, tsitsi mpaka kuthothoka, kuti mabuku anga adzagwe m'manja mwa munthu wogulitsa mikate?"

"Sanagulitse. Anadya."

"Mayi inu, ndikunena za m'tsogolo."

"Chabwino, tingoti ndi masewera a ana. Mwambo umenewu ulibe ntchito."

A Pyo anadzuka msangamsanga. Munthu ameneyu ukamupatsa njira yothawira, ankaikana chifukwa choti waitchula ndiwe.

"Ulibe ntchito? Ine ndinagwira burashi. Bambo anga anagwira burashi. Amalume anagwira uta, ndipo anafera ku usilikali. Mwambo umenewu sunama."

"Ndiye Dong-uk ndi wa mikate."

"Ayi. Chigamulo chake chinali ndi zolakwika."

"Koma chikakhala chopanda zolakwika?"

"Chimenecho palibe angachisinthe, ngakhale ineyo. Mwana wanga wogwira burashi mwa kufuna kwake, sukulu ndimulipirira, mabuku ndimupatsa, dzina lake ndilemba pachitseko cha ofesi pansi pa langa."

"Aliyense?"

"Lamulo siliyang'ana nkhope."

"Mwalumbira?"

"Pamaso pa makolo anga onse," anatero a Pyo, akuwerama molunjika kukhoma kumene kunali chithunzi cha bambo awo.

Mayi Eom anaika mbale pansi, napukuta manja. Anakwera pa kampando n'kutsitsa sutikesi imene inali pamwamba pa kabati, nayamba kuipukuta fumbi.

"Mukupita kuti? Kukangana pang'ono komweku?"

"Ine sindikupita. Sitima ya ku Seoul imanyamuka m'mawa. Hye-ran, tuluka mwanawe, ubwere ndi zovala zako."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka pang'ono. A Pyo anakhalanso pansi.

"Hye-ran anagwira burashi pa phwando lake?"

"Ndi manja onse awiri, popanda uchi. Agogo ake poilanda anawaluma chala."

"Ii, nanga ine bwanji sindikukumbuka?"

"Munali kukhoti, bambo a Hye-ran. Munatumiza uthenga woti za mwana wamkazi tigamule tokha. Ndiye anagamula mwini wake."