Manda a Nthochi

Pasiteshoni ya Entre Lagos, Benedita wogulitsa nsomba zouma anasuzumira pafoni ya bambo wina wodikira komboyo, sitima ya pamtunda.

"Mdima wonsewu, bambo, n'kuti kumeneko?"

"Pansi pa nyanja yamchere, mayi. Kachombo aka kamatsika ndi anthu atatu. Kwina amatumizako makina oyenda okha, ojambula zithunzi."

"N'kozama bwanji?"

"Makilomita anayi. Si nyanja yathu ya Chiutayi, yoti nsungwi imagunda pansi."

"Ndiye amaonako chiyani?"

"Nkhanu, miyala, ngakhale zombo zimene zinamira kalekale."

"Nanga anthu?"

"Zimenezo sindinamvepo."

"Mukadzamva mudzandiuze, ndimakhala pompano. Amuna anga anapita kukapha nsomba ku Nacala, bwato linabwerera lokha. Kumudzi tinaika thunthu la nthochi m'malo mwawo, ndipo chaka chilichonse ndimakasesa pamanda a nthochiyo."