Masamba a Pakhomo pa Namwino Nora

Nthawi ya Angerezi, dziko lino likadali Tanganyika, ndinatsika sitima pano pa Mbamba Bay ndili kamtsikana kongokwatiwa kumene kochokera ku Nkhotakota, ndipo agogo anu aamuna, amene ankasoka zovala pakhonde la duka la mmwenye, anandilowetsa m'kanyumba ka pakati penipeni pa tauni, pafupi ndi doko. Musaseke, inde inali tauni! Anthu ankadutsa pakhomo panga tsiku lonse, koma wondipatsa moni panalibe, poti Chiswahili sindinkachidziwa, ndipo kuchitsime ndikafika amayi onse ankangoti zii. Ndinasungulumwa, ana inu, mpaka ndinamanga kamtolo kanga n'kukabisa kuseri kwa mtsuko, ndikuti sitima ikangobwera ndikwere, ukwati utsale.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandifunsa m'mene ndadzukira, namwino wachizungu dzina lake Nora, wochokera ku Ayalandi, amene anandisamala malungo atandigwetsa. Chinyanja ankachithyola, koma tinkamvana. Ukangomutcha Mngerezi ankafiira ngati tsabola.

Ndiye m'mawa wina wa mwezi wa Marichi, mvula itangokata, ndikupita kumsika, ndinaona masamba aawisi atayalidwa kuyambira pamsewu mpaka pakhomo pa Nora, ena atapachikidwa pachitseko. Inu a masiku ano uthenga wa maliro mumaulandira pafoni, koma ife tinkauwerenga pamsewu. Dengu pansi, manja kumutu, ndinayamba kubuma.

"Mayo ine! Mayi wanga wandisiya! Ndatsala ndi yani ine?"

Paja amati safunsa anadya phula. Amayi a kumsika atamva, anasiya malonda n'kuthamanga, ndipo woyamba kufika anali Mama Yosefu, wogulitsa usipa wa ku Lipingo, chimzimayi cha mawu aakulu chimene sichinandiyang'anepo n'kamodzi komwe. Anakhala pansi m'matope momwemo, n'kundifunditsa chitenje chake, chimene kuno timati kanga, akundipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, dada, pole," nayenso misozi ili chuchuchu.

Chitseko chinatseguka. Tinangoona malemu atayima, diresi yobiriwira, manja ali ufa wokhawokha, kamtengo ka masamba atatu atakabaya pachifuwa. Abale inu, ena analiyatsa liwiro mpaka kunyanja!

"Kwagwanji? Wamwalira ndani?" anafunsa Nora.

"Si inuyo, mama?" anatero Mama Yosefu.

Mantha atatha, Nora anafotokoza kuti linali tsiku la Patrick Woyera, limene kwawo anthu amavala zobiriwira, n'kupita kutchalitchi, n'kuguba m'misewu ndi nyimbo. "Kuno ndili ndekha," anatero, "ndiye ndinati ndikongoletse pakhomo, ndikumbukire kwathu." Pamenepo ndinadziwa kuti matenda anga nayenso ankadwala omwewo, ndipo ndinamumvera chisoni.

Mama Yosefu anadzambatuka. "Tabwera kale, sitibwerera ndi misozi. Kaitaneni ng'oma!"

Ha, tsiku limenelo! Buledi wa Nora anatha, usipa wa malonda unapita pamoto, ndipo mwini chikondwerero anativinira gule wa kwawo, manja ali njo m'mbali, miyendo yokha ikudumpha ngati waponda linthumbu. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako tinamuphunzitsa kugwedeza chiuno, koma zinamukanika.

Pobwerera, Mama Yosefu anandigwira dzanja n'kunena mwapang'onopang'ono kuti ndimve, "Iwe Mnyasa, ngati mlendo umamulira chonchi, ifeyo udzatilira bwanji? Mawa undidikire, tipitire limodzi kumadzi." Sitima itabwera, kulira kwake ndinakumvera kwa Mama Yosefu tikusinja kondowole, ndipo nditafika kunyumba ndinamasula kamtolo kaja. Pakadapanda masamba amenewo, amayi anu sakadabadwa, inunso bwenzi kulibe. Ndimathokoza mpaka lero.

Nora anadzabwerera kwawo, koma ife Marichi aliyense tinkabaya katsamba pachifuwa, pamsewu ayi. Patapita zaka zambiri agogo anu anatisiya, ndipo nditatuluka panja, ndisanatume munthu aliyense, ndinapeza masamba atayalidwa kale pamsewu, Mama Yosefu atakhala pambali ndi ndodo yake, atakalamba, kanga ili m'manja kudikira kundifunditsa. Maliro n'kulirana.

Tsono inu mukuti mukupita ku Songea, ena ku Dar, kumene anthu amakhala khomo ndi khomo osadziwana maina. Mukakaona wina wayima yekha pampopi ali chete, kamupatseni moni, ana anga. Musakadikire kuti muone masamba pakhomo pake.